MAKINA OONA M'KATI MWA KHUNGU POPANDA KUCEKA

Nkhani ya za umoyo yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

 Madzulo ano tikamba za khungu, ndi za makina amene madotolo ali nao masiku ano oonera m'kati mwa khungu la munthu wamoyo popanda mpeni.

Inu a ku migodi mudziwa kale makina amodzi a mtundu uwu. Munthu asanaloledwe kutsika pansi amayamba wajambulidwa cifuwa ndi X-ray, ndipo dotolo amaona mapapu ace osamng'amba. Koma wina angafunse kuti: "Mapapu ali obisika, inde, nanga khungu, limene munthu aliyense aliona ndi maso, lifuniranji makina?" Funso ili ndi labwino. Yankho lace ndi lakuti nthenda zambiri za pa khungu zimafanana kunja pamene m'kati ziri zosiyana, ndipo mankhwala ociza nthenda imodzi amakulitsa inzace. Cifukwa cace nchito yoyamba ya dotolo ndiyo kupeza dzina leni-leni la nthendayo. Dzina likalakwika, munthu amataya ndalama, tsitsi, nchito, ngakhale banja lomwe. Pakuti alipo anthu amene anasalidwa ngati akhate pamene banga lao silinali khate konse.

Asilikari otembenukira mudzi wao

M'mwazi ndi m'khungu mwathu muli timaselo tating'ono-ting'ono tochinjiriza thupi. Ife tidzati ndi asilikari a thupi. Kacirombo kakalowa pa bala, asilikari amathamangira pomwepo; mitsempha ya mwazi imakula, malowo amatupa, natentha, napweteka kapena kuyabwa. Kutupa kotere ndi cizindikiro ca nkhondo, ndipo nkhondo ikatha khungu limabwerera monga kale.

Koma nthawi zina asilikari amasokonezeka, nayamba kumenya mudzi umene anayenera kuulonda. Pa Cingerezi nthenda zotere amazicha autoimmune. Akamenya timaselo topanga mtundu wakuda wa khungu, pamabuka mawanga oyera ngati mkaka. Iyi ndiyo vitiligo, imene imagwira pafupi-fupi munthu 1 mwa anthu 100. Akafulumizitsa khungu kukula mopitirira muyeso, mamba oyera amaunjikana pa zigongono, pa maondo ndi m'mutu. Iyi ndiyo psoriasis, ndipo bungwe la World Health Organization linanena m'caka ca 2016 kuti odwala nayo pa dziko lonse sacepera 100 miliyoni. Akamenya mizu ya tsitsi, tsitsi limathothoka mozungulira ngati ndalama. Iyi ndiyo alopecia areata. Akasungunula ulimbo umene umagwirizanitsa timaselo ta khungu, pamaturuka matuza a pemphigus. Palinso lupus, imene mwa odwala 10 alionse 9 amakhala akazi, ndi lichen planus yoyabwa kwambiri, ndi scleroderma youmitsa khungu ngati cikumba. Cikanga ca ana, cimene ambiri mucidziwa, ciri ca mtundu wina pang'ono, koma naconso ndi kutupa kobadwira m'thupi la mwini wace.

Gwirani mau awa: nthenda zonsezi sizipatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi ndi munthu wa vitiligo, kusamba m'bafa limodzi ndi wa psoriasis, kugwirana canza ndi wa lupus, osatenga kanthu.

Mankhwala ace ambiri nchito yao ndi kugonetsa asilikari opandukawo. Tsono taganizani: ngati nthenda iri pa khungu ndi cipere kapena mphere, kumene kuli mdani weni-weni wocokera kunja, kugonetsa asilikari ndiko kumtsegulira mdaniyo cipata. Apa ndi pamene pagona kufunika kwa dzina.

Cifukwa ciani maso okha sakwanira

Khungu liri ndi misinkhu itatu, monga mgodi. Pamwamba pali kacikopa kopyapyala ngati pepala limodzi la m'buku, kupatula ku zikhato ndi ku mapazi kumene kali kocindikala. Pansi pace pali khungu leni-leni, la milimita 1 kufikira 4, momwe muli mitsempha ya mwazi, mizu ya tsitsi ndi magwero a thukuta. Pansi peni-peni pali mafuta. Nthenda iriyonse iri ndi msinkhu wace umene imagwirapo nchito, koma maso amaona pamwamba pokha.

Kwa ife anthu akuda pali bvuto lina. Mabuku ambiri ophunzitsa madotolo analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo zithunzi zace zambiri ndi za khungu la Azungu. Mabukuwo amati kutupa kumadziwika ndi kufiira. Koma pa khungu lakuda kufiirako kumabisika. Malo otupa amaoneka oderapo kwambiri, kapena otuwa ngati phulusa, kapena a mtundu wa nthudza zakupsa. Cotero nthenda yaikuru ingaoneke ngati yaing'ono, ndipo nthenda ziwiri zosiyana zingaoneke ngati imodzi.

Njira yodalirika yakale, imene ikali yofunika kufikira lero, ndiyo kuceka kacidutswa ka khungu ndi kukapima pa maikulosikopu. Dzina lace ndi biopsy. Dotolo amabaya jekeseni ya dzanzi, natenga kacitsulo kakuthwa kozungulira, kawiri-kawiri ka milimita 4 m'mimba mwace, naboola khungu monga momwe akatswiri a miyala amaboolera pansi ndi kuturutsa mwala wozungulira kuti aone ngati muli mkuwa. Njira iyi imanena zoona, koma iri ndi mtengo wace. Imasiya cipsera, ndipo mwa ife anthu akuda ambiri cipsera cimatha kutupa ndi kukula, cimene madotolo amacicha keloid. Yankho limacedwa masiku kapena masabata, makamaka ngati kacidutswako katumizidwa ku mzinda wina. Imaonetsa malo amodzi okha pa tsiku limodzi. Ndipo palibe mai amene amakondwa kuona nkhope ya mwana wace ikucekedwa kawiri katatu. Ndico cifukwa cace anthu anzeru anafuna njira zoonera m'kati khungu liri cikhalire.

Nyale ya Wood ndi kathonje

Tiyambe ndi cida cakale ndi cosabvuta. M'caka ca 1903 Robert Wood, mphunzitsi wa sayansi ku Baltimore m'dziko la America, anapanga galasi lochinga kuwala kwa masiku onse ndi kulola kuwala kochedwa ultraviolet kokha kudutsa. M'caka ca 1925 madotolo awiri a ku France, Margarot ndi Devèze, anayamba kupima nalo cipere ca m'mutu. Dotolo amalowa ndi wodwala m'cipinda camdima, naunika khungu ndi nyaleyo. Banga la vitiligo limawala mbee, moyera mosakanizika ndi mtundu wa mtambo, ndipo malire ace amaoneka bwino-bwino, ngakhale timawanga timene maso sanayambe kutiona. Mitundu ina ya cipere imawalitsa tsitsi mobiriwira, koma ina siwala konse. Cotero kusawala sikutanthauza kuti cipere palibe.

Nanga khate? Banga la khate siliyera ngati mkaka. Limangotuwa, ndipo pa nyale siliwala monga vitiligo. Cacikuru ndi ici: banga la khate kawiri-kawiri limafa dzanzi. Dotolo amauza wodwala kutsinzina, nakhudza bangalo ndi kathonje. Wa vitiligo amamva, koma wa khate samva bwino. Kupima uku kumatha maminiti ocepa, koma kungacotse manyazi amene munthu wawasenza zaka zambiri. Ndipo likakhala khate lomwe, musataye mtima. Kacirombo kace kanapezedwa ndi Gerhard Hansen wa ku Norway m'caka ca 1873, mankhwala ace amaciza pa miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira caka ca 1995 amaperekedwa kwaulere pa dziko lonse.

Galasi la m'thumba

Cida caciwiri dzina lace ndi dermatoscope. Kukula kwace ndi ngati tochi, ndipo cimalowa m'thumba la malaya. Mau akuti dermatoskopie anawayamba Johann Saphier ku Germany m'caka ca 1920, koma cida cogwira m'manja cinaturuka m'caka ca 1989 ndi thandizo la madotolo a ku Munich. Cimakuza cinthu ka 10. Koma nzeru yace siri m'kukuza mokha. Mukayang'ana m'dziwe dzuwa liri kuwala, mumaona kunyezimira kwa pamwamba pa madzi, osati mcenga wa pansi. Khungu nalonso limanyezimira cotero. Dermatoscope imacotsa kunyezimirako, mwina ndi dontho la mafuta pansi pa galasi, mwina ndi magalasi osefa kuwala, ndipo dotolo amaona mitsempha ndi mitundu ya pansi pa kacikopa kapamwamba.

Nthenda iriyonse iri ndi mapazi ace. Mu psoriasis mumaoneka timadontho ta mitsempha tofanana, tondanda mwa dongosolo pa banga lonse, pamodzi ndi mamba oyera. M'cikanga timadonthoto timakhala m'magulu apa ndi apo, ndi nkhanambo zacikasu. Mu lichen planus mumaoneka timizere toyera tolukana ngati ukonde, timene Louis Wickham wa ku Paris anatifotokoza m'caka ca 1895. Mu lupus ya pa khungu maenje a tsitsi amatsekeka ndi timapulagi touma. Ndipo ngati kuyabwa kwacokera ku mphere, dotolo angathe kuona mutu wa kacirombo komweko, kakang'ono ka ngondya zitatu, kali kumapeto kwa njira imene kakumba.

M'mutu cida ici cimathandiza koposa. Mwana wothothoka tsitsi angakhale ndi cipere, ndipo pa galasi tsitsi lace limaoneka loduka ndi lopotana. Kapena angakhale ndi alopecia areata, ndipo pamaoneka timadontho takuda kapena tacikasu, ndi tsitsi lalifupi loonda kumunsi. Dotolo amayang'ananso ngati maenje a tsitsi akalipo. Akakhalapo, tsitsi lingamerenso. Koma lupus ya m'mutu ikalekereredwa imafafaniza maenjewo ndi cipsera, ndipo pamenepo tsitsi silidzameranso. Kufika msanga ndi kucedwa kumasiyana motere.

Tinene zoona kuti pa khungu lakuda kwambiri mitsempha imabvuta kuiona ngakhale ndi galasi ili. Pamenepo dotolo amadalira mamba, mizere yoyera ndi maenje a tsitsi. Ndi m'zaka za posacedwapa pamene madotolo ayamba kulemba mosamala za maonekedwe a nthenda izi pa khungu la anthu a ku Africa ndi ku India.

Zikhadabo, ndi mau kwa anthu a m'migodi

Tsopano cherani khutu inu ogwira nchito pansi. Kumunsi kwa cikhadabo ciriconse, pamene khungu limathera, timitsempha ta mwazi timagona copingasa pafupi ndi pamwamba. Dotolo akadonthezapo mafuta ndi kuikapo galasi lokuza ka 200, amationa pa kanema tikundanda ngati mizere ya cimanga, kalikonse kopindika ngati cingwe copindidwa pawiri. Mwa munthu wa bwino timakhala 7 kapena kuposa pa milimita imodzi. Kupima uku dzina lace ndi capillaroscopy. Sikupweteka konse. Wodwala amayamba wapumula maminiti 15 kapena 20 m'cipinda cofunda bwino, ndipo amapimidwa zala 8, kusiya zala zazikuru ziwiri.

Pali anthu amene m'nyengo ya cisanu, mu June ndi July, zala zao zimatuwa, nizifa dzanzi, ndipo zimapweteka pamene mwazi ubwerera. Bvuto ili linafotokozedwa ndi Maurice Raynaud wa ku France m'caka ca 1862, ndipo limachedwa ndi dzina lace. Mwa anthu ambiri siliri loopsa. Mwa ena limadza cifukwa ca kugwira zaka zambiri makina oboolera mwala amene amanjenjemera m'manja. Koma mwa ena ocepa ndilo mthenga woyamba wa scleroderma, nthenda youmitsa khungu la zala ndi la kumaso, imene imatha kulowa m'mapapu, mu mtima ndi mu impso. Dotolo adzasiyanitsa bwanji? Mwa wa scleroderma timitsempha tina timatupa kukhala tatikuru, tina timaphulika ndi kusiya madontho a mwazi, ndipo pambuyo pace timasowa, pamatsala mipata ngati munda umene mbeu sizinamere bwino. Hildegard Maricq ndi Carwile LeRoy a ku America analemba za maonekedwe awa m'caka ca 1973. Maurizio Cutolo wa ku Genoa anawagawa m'misinkhu 3 m'caka ca 2000. Ndipo m'caka ca 2013 mabungwe a madotolo a ku America ndi ku Ulaya anawaika pakati pa zizindikiro zodziwira nthendayi. Kusintha kwa timitsemphato kumatha kuoneka khungu lisanayambe kuuma.

Nkhani iyi ikukhudzani cifukwa ca pfumbi. M'caka ca 1914 Byrom Bramwell anaona scleroderma mwa osema miyala a ku Scotland. M'caka ca 1957 dotolo wina dzina lace Erasmus analemba za anthu 17 odwala nthendayi pakati pa okumba golide pafupi ndi Johannesburg, kumene ife timati ku Joni. Kuyambira pamenepo zadziwika kuti pfumbi la mwala lochedwa silica, lomwe lija limaononga mapapu, limaonjezanso ngozi ya scleroderma. Nthendayi ndi yosowa, ndipo ambiri a inu simudzaiona. Koma munthu amene wagwira nchito m'pfumbi, naona zala zace zikutuwa, zikutupa kapena kuuma, asangoti ndi ukalamba. Kumene kulibe makina akuru, dermatoscope yomwe ija ingathe kuonetsa timitsempha totupa ndi madontho a mwazi.

Kumvera khungu

Munthu wa m'mgodi asanayambe nchito amagogoda denga la mwala ndi citsulo, namvetsera ngati liri lolimba kapena lamphako. Makina a ultrasound amacita cimodzi-modzi. Amai ambiri awadziwa, pakuti ndiyo sikani ya ku sikelo ya apakati. Makina amatumiza mau m'thupi, mauwo amagunda nabwerera, ndipo kompyuta imasandutsa kubwerera kwao kukhala cithunzi. Khutu la munthu silimva mau onjenjemera koposa ka 20,000 pa sekondi. Sikani ya pa mimba imagwira nchito ndi mau onjenjemera ka 3 kufikira 5 miliyoni, pamene ya pa khungu imafuna ka 20 miliyoni kapena kuposa. Mau othamanga cotere salowa patali, koma amaonetsa zinthu zazing'ono. Alexander ndi Miller ndiwo anayamba kupima nao kucindikala kwa khungu m'caka ca 1979.

Ndi makina awa dotolo amayesa ngati khungu louma la scleroderma liri kucindikala kapena kufewa mwezi ndi mwezi. Amaona kucuruka kwa mwazi woyenda pa malo otupa, nadziwa ngati moto ukali kuyaka kapena wazima. Mwa odwala psoriasis amaona kutupa kwa mfundo za zala msanga. Palinso nthenda ya zithupsa zobwera-bwera m'khwapa ndi m'mphecepece, yochedwa hidradenitis, imene imakumba njira za mafinya pansi pa khungu. Sikani imaonetsa kumene njirazo zapita dotolo asanagwire mpeni.

Kuwala koona timaselo

Makina awiri otsiriza amagwira nchito ndi kuwala m'malo mwa mau. Oyamba amachedwa OCT. Anapangidwa m'caka ca 1991 ndi gulu la James Fujimoto pa sukulu ya MIT ku America, poyamba kuti apime maso. Ndipo m'caka ca 1997 Julia Welzel wa ku Lübeck m'dziko la Germany anasonyeza nchito yao pa khungu. Amaonetsa khungu ngati buledi wodulidwa cotsika, kufikira milimita 1 kapena 2. Munthu akadza ndi matuza, makina awa amaonetsa msinkhu umene khungu lang'ambikira. Mu pemphigus thuza liri m'kati mwa kacikopa kapamwamba. Mu nthenda inzace yochedwa pemphigoid, imene imakonda okalamba, thuza liri pansi pa kacikopako. Kusiyana kwace ndi kocepa kuposa tsitsi limodzi, koma kuopsa kwace ndi kacizidwe kace sizifanana.

Aciwiri amachedwa confocal. Nzeru yace anaiyamba Marvin Minsky m'caka ca 1957, ndipo m'caka ca 1995 Milind Rajadhyaksha ndi anzace ku Boston anajambula nao khungu la munthu wamoyo. Awa amaona copingasa, msinkhu ndi msinkhu, ndipo amaonetsa kaselo kalikonse paokha, ngakhale timaselo ta mwazi tikuyenda m'mitsempha. Salowa patali, amalekeza pa magawo 2 kapena 3 mwa magawo 10 a milimita. Cokondweretsa ndi cakuti mtundu wakuda wa khungu, wochedwa melanin, umene umabisa zinthu kwa maso, pa makina awa ndiwo umawala koposa. Pa khungu labwino pamaoneka timikombero towala. Pa banga la vitiligo timikomberoto timazimirira, ndipo tikayamba kubwerera dotolo amadziwa kuti mankhwala agwira, ngakhale wodwala asanaone kusintha pa kalilole. Mu lichen planus ndi lupus malire a pakati pa misinkhu iwiri ya khungu amaoneka osokonezeka. Ndipo m'caka ca 2018 Arnaud Dubois wa ku France ndi anzace anaonetsa makina ophatikiza nzeru ziwirizi, ochedwa LC-OCT, amene amafika theka la milimita.

Makina onse amene tachula alibe mphamvu yoopsa ya X-ray. Cotero malo amodzi omwewo angapimidwe lero, mwezi wa mawa ndi caka ca mawa, pa mwana kapena pa mai wapakati.

Zimene makina sangathe

Tisanyengane, abale. Makina a OCT ndi confocal ndi a mtengo wapatali, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikuru za ku Ulaya, America ndi Australia. Anakula pa nchito yofuna khansa ya pa khungu, ndipo nchito yao pa nthenda za kutupa ikali kuphunziridwa. Saona zida za asilikari zimene ziri m'mwazi. Cifukwa cace pemphigus imatsimikizidwa ndi biopsy yopimidwa mwa padera, ndipo lupus ndi scleroderma zimafuna kupima mwazi, mkodzo ndi mapapu. Koma ngakhale pamene kuceka kuli kofunika, galasi limasonyeza dotolo malo oyenera, monga momwe opima nthaka amasonyezera oboola pamene ayenera kuimika makina ao. Cotero amaceka kamodzi m'malo mwa katatu.

Kwa ife kuno zida zimene zingafike msanga ku kiliniki ndi nyale ya Wood, dermatoscope ndi sikani, ndipo cosowa cacikuru ndi anthu ophunzitsidwa kuziwerenga. Madotolo a khungu ndi owerengeka m'maiko a Africa. Ku Moshi m'dziko la Tanzania kuli sukulu ya Regional Dermatology Training Centre, imene kuyambira caka ca 1992 yaphunzitsa anchito a zipatala ocokera m'maiko ambiri a kuno. Masiku ano dermatoscope imatha kulumikizidwa ku foni, ndipo cithunzi cojambulidwa ku kiliniki ya kutali cingaonedwe ndi katswiri ali mu mzinda tsiku lomwelo. Ndipo mu May 2025 msonkhano waukuru wa World Health Organization unagwirizana kuti nthenda za pa khungu ziikidwe pakati pa nkhani zofunika za umoyo pa dziko lonse. Koma cenjerani ndi mapulogalamu a pa foni amene amati adzakuuzani dzina la nthenda poona cithunzi. Ambiri anaphunzitsidwa ndi zithunzi za khungu loyera, ndipo pa khungu lathu amaphonya koposa.

Gawo lanu

Makina ali ndi gawo lao, koma inunso muli ndi lanu. Coyamba, banga kapena zotupa zikakhala masabata angapo osapola, pitani ku kiliniki. Akuru anati safunsa anadya phula. Ngati a ku kiliniki sangathe, pemphani kalata yopita ku cipatala cacikuru.

Caciwiri, lekani kugula mafuta a m'macubu pa msika popanda mau a dotolo. Ambiri a iwo, pamodzi ndi mafuta oyeretsa khungu, ali ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Amaziziritsa kuyabwa masiku ocepa, khungu nilioneka losalala. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cipere cimafalikira mobisika, khungu limapyapyala, ndipo mapazi a nthenda amene galasi likadawaona amafafanizika. Ngati mwadzola kale, tengani macubuwo mukaonetse. Koma mankhwala amene anakupatsani dotolo musawaleke pa inu nokha.

Cacitatu, pa tsiku lopimidwa sambani bwino, ndipo musadzole mafuta kapena paudala pa malo odwala, pakuti zimenezi zimanyenga nyale. Ngati adzapima zikhadabo, musazipake utoto, musadule khungu la kumunsi kwace, ndipo musasute fodya kapena kumwa khofi m'mawa umenewo.

Cacinai, uzani dotolo nchito yanu: zaka zimene mwakhala pansi, pfumbi limene mwapuma, ndi makina amene mwagwira. Zala zikatuwa kapena zotupa zikakula, jambulani ndi foni panja masana, pakuti tsiku lopita ku cipatala zingakhale zitabisala.

Cacisanu, dotolo akati biopsy iri yofunika, bvomerani. Koma muuzeni ngati zipsera zanu zimatupa, kuti asankhe malo mosamala.

Ndipo pali zizindikiro zinai zimene siziyenera kudikira kutha kwa mwezi: matuza a pa thupi pamodzi ndi zironda za m'kamwa, zotupa za kumaso pamodzi ndi kutupa kwa mapazi, khungu louma pamodzi ndi kupuma mobvutika, ndi banga lakufa dzanzi.

Potsiriza, mau kwa inu amene khungu lanu liri bwino. Mnzanu wa mawanga pa nchito, mwana wa mamba pa sukulu, mai wothothoka tsitsi pa mpopi, musamche dzina la nthenda imene simunaipime, ndipo musamsale. Ngakhale dotolo wophunzira zaka zambiri amayamba watenga nyale ndi galasi asananene. Inu mperekezeni ku cipatala.